Momwe mungatetezere mawaya a galimoto kuti asapse ndi ekizosi

Mwezi watha ka Sienta kanga kanandizimira pa chitunda ndikupita ku Ku Chawe. Kanayamba ndi kafungo ka pulasitiki wopserera, kenako injini zii. Fyuzi yapsa, ndaika ina nayonso yapsa pompo. Nditatsegula boneti ndinapeza mtolo wa mawaya uja amati harness utagona pa paipi ya ekizosi, khungu lake litasungunuka ngati kandulo, kopa ali pamtunda. Amene anandikonzera galimoto kumbuyoku anachotsa kachitsulo kopyapyala kotchinga moto kaja osabwezeretsa, eti kamangosokosera. Zinandipweteka abale, nde ndati ndikuuzeni zomwe ndinachita.

Dziwani kaye kuti manifold, pomwe ekizosi imayambira pa injini, imatha kupitirira madigiri 500 mukamakwera phiri ndi giya yaing'ono, pomwe pulasitiki wokuta mawaya ambiri amangopirira madigiri 80 mpaka 105 basi. Waya sachita kufuna kugunda chitsulo kuti apse, kungoyandikana nacho amauma pang'onopang'ono mpaka kuthetheka.

Choyamba siyani injini izizire, ola lathunthu ndithu. Kenako masulani waya wa negetivu pa batire, nthawi zambiri ndi sipanala ya 10.

Tengani tochi mutsatire ekizosi kuyambira pa injini mpaka pansi pa galimoto, mukuona waya aliyense wodutsa pafupi makamaka wa oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya komangidwa pa ekizosi) ndi wa sitata. Mufinyeni ndi zala. Wabwino amakhala wofewa, wopsa amalimba gwa ndipo mukamupinda amasweka ngati bisiketi. Mukaona mwaye wakuda pomwe mapaipi alumikizana ndiye kuti gasiketi ikutulutsa mpweya wotentha, yambani mwakonza imeneyo apo ayi mukungovutika chabe.

Waya wopsa dulani mpaka pomwe pali pabwino, lumikizani wina wonenepa chimodzimodzi, muwotcherere ndi soda wolumikizira mawaya (solder) nkuvekapo heat shrink, kachubu ka pulasitiki kamene kamafinyika nkugwira waya kakatenthedwa. Wa oxygen sensor yekha osamuwotcherera, bola kugula sensa ina.

Apa nde pagona nkhani, mpata. Sunthani mtolo wonse utalikirane ndi ekizosi, olo zala zinayi, kuposa apo ndi bwino kwambiri. Ubwezereni mmakilipi ake omwe unabwera nawo, ngati anathyoka mangani ndi ma cable tie achitsulo. Malegeni ayi chonde, ndikudziwa tonse timawadalira koma pamoto amafewa nkuduka, ndipo tepi yakuda wamba ija guluu wake amasungunuka iyo nkumasuka yokha, mawa lake mawaya ali lendee pa paipi pomwe paja.

Pomwe mpata wakanika vekani mtolowo heat sleeve, ija ya fiberglass yokutidwa ndi aluminiyamu, mbali yonyezimira iyang'ane ku ekizosi. Nayonso isagunde paipi. Ndipo kachitsulo kotchinga kaja bwezeretsani, ngati kakusokosera ndiye kuti bawuti yamasuka kapena pabowo padyeka ndi dzimbiri, ikanipo washa yaikulu mumange. Kakasowa funsani kwa ogulitsa masipeya a galimoto zophwasula.

Mukamaliza bwezerani batire, lizani injini mphindi 15 mukununkhiza. Patatha sabata suzumiraninso, chifukwa mabampu a mmisewu yathu yafumbi ya ku Matawale ndi ku Chinamwali amagwedeza chilichonse, kilipi imene munamanga lero ikhoza kupezeka yasuntha.