Skyrim yokhala ndi mamodi ikamangodzitseka: malangizo kwa osewera a ku Mzuzu

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa osewera magemu apakompyuta kuno ku Mzuzu, kaya ndi ophunzira a ku Mzuni ochita lendi ku Luwinga kaya achinyamata a ku Chibavi ndi ku Katoto, ndi lakuti gemu ya Skyrim akaiika mamodi (zowonjezera zimene osewera ena amapanga kuti zisinthe kapena kukometsera gemu) imangodzitseka yokha. Munthu ali paulendo wopita ku Whiterun, chithunzi n'kuima pang'ono, kenako gemu yazimiririka. Lero asewera maola atatu popanda vuto, mawa ikrasha asanafike n'komwe pachipata cha mzinda. Ambiri zikatere amafufuta zonse n'kuyambiranso, bandulo n'kuthera pomwepo, ndipo pakapita masiku vuto lija limabwerera chifukwa chimene chinaliyambitsa achibwezeramo osadziwa. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: chokrashitsa gemu chimapezeka, koma chimapezeka kwa munthu amene amasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kumalemba zimene waona.

Yambani ndi kudziwa Skyrim imene muli nayo, chifukwa pali mitundu yosiyana. Yoyamba, imene kampani ya Bethesda inatulutsa pa 11 November 2011, ndi ya 32-bit ndipo singagwiritse ntchito RAM yopitirira 4GB ngakhale kompyuta yanu ili ndi yochuluka. Special Edition ya mu 2016 ndi ya 64-bit. Mu November 2021 kunabwera Anniversary Edition, imene inasuntha nambala ya gemu kuchoka pa 1.5.97 kupita pa 1.6. Nambala yanu muipeza mukadina kumanja pa fayilo ya SkyrimSE.exe, n'kulowa mu Properties, kenako Details. Izi n'zofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa mamodi ambiri sitiwatenga tokha pa Nexus Mods, webusaiti imene mamodi amapezeka. Timapatsana pa flashi poopa kuwononga bandulo, ndipo mnzako amene wakupatsa mwina ali ndi mtundu wina wa gemu. Modi yopangidwira Skyrim ya 2011, makamaka yokhala ndi zida, zovala kapena nyumba zatsopano, ikhoza kukrashitsa Special Edition nthawi yokhayo imene chinthucho chaonekera pamaso panu. N'chifukwa chake zimaoneka ngati zikungochitika mwangozi. Pulogalamu ya SKSE (Skyrim Script Extender), imene imawonjezera zimene mamodi angathe kuchita ndipo mamodi ambiri amaidalira, iyeneranso kufanana ndendende ndi nambala ya gemu, pamodzi ndi mamodi onse okhala ndi mafayilo a .dll, ndipo ambiri mwa amenewa amafunanso modi ina yothandizira yotchedwa Address Library.

Mukatsimikiza zimenezo, zimitsani mamodi onse, yambani gemu yatsopano, ndipo museweretu kwa nthawi ndithu. Ikakrashabe, mamodi alibe mlandu. Apa ganizirani za makina enieniwo. Mu June ndi July, kuzizira kwa Mzuzu kukafika pachimake, anthu amasewerera pabedi laputopu ili pabulangeti, timabowo totulutsira mpweya titatsekeka. Kunja kukuzizira koma mkati mwa laputopu muli moto. Malaputopu ambiri amene timagula ndi oti anagwirapo kale ntchito kwina, fani yake inadzaza fumbi kalekale. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor imaonetsa kutentha, ndipo mukaona kukuyandikira madigiri 90 kapena kupitirira, ikani laputopuyo pathebulo, ikwezeni kumbuyo, ndipo mukaipukutitse kwa wokonza makompyuta. Kompyuta yonse ikamazima, osati gemu yokha, nthawi zambiri ndi kutentha, chaja kapena magetsi. Ngati gemu munaigula pa Steam, muli batani lofufuza ngati mafayilo onse ali bwino, ndipo limabwezeretsa owonongeka okha popanda kukopera gemu yonse. Mafayilo amene munakopera netiweki ikudukaduka muziwayesa ndi 7-Zip musanawaike.

Tsono tinene kuti popanda mamodi gemu ikuyenda bwino. Tengani kope ndi cholembera. Nthawi iliyonse ikakrasha, lembani malo amene munali, chimene munkachita, ndi nthawi imene munali mutasewera. Zolemba zikafika zinayi kapena zisanu, mudzayamba kuona kuti zikulozera kumodzi.

Gemu ikamadzitseka isanafike n'komwe pa menyu, kawirikawiri pali modi imene ikufuna inzake yomwe mulibe, kapena SKSE siyikugwirizana ndi gemu. Ikamakrasha pamalo amodzimodzi, mwachitsanzo nthawi zonse poyandikira Riften, ndiye kuti mamodi awiri akusintha malo omwewo, kapena pali fayilo yowonongeka ya chinthu chimene chili pamenepo. Ikamakrasha povala chovala china kapena posolola chida, yang'anani modi ya chovalacho ndi ya mafupa a thupi la wosewera. Ikamayamba bwino n'kumadzakrasha patapita ola limodzi kapena awiri, pamalo alionse, ganizirani za memori. Pano mpamene ambiri amadzipweteka okha. Amaika zithunzi za 4K pa laputopu imene khadi yake ya zithunzi ili ndi 2GB, pamene pa sikirini yaing'ono ngati imeneyo kusiyana kwa 4K ndi 1K sikuoneka n'komwe. Tsitsani ku 1K kapena 2K, ndipo musazimitse page file ya Windows, malo a pa disiki amene amathandizira RAM ikadzaza. Komanso gemuyi inapangidwa kuti iziyenda pa mafelemu 60 pa sekondi. Mukaimasula kuti ithamange kuposa apo popanda modi yokonza zimenezo, mbale ndi ngolo zimayamba kuuluka.

Pali chida chimene ndimalimbikitsa aliyense kuika asanaike modi ina iliyonse yokometsera gemu, dzina lake Crash Logger. Gemu ikakrasha, chimalemba lipoti mu foda ya Documents, mkati mwa My Games, Skyrim Special Edition, kenako SKSE. Lipotilo limaoneka loopsa, manambala okhaokha, koma simukufunika kulimvetsa lonse. Fufuzani mayina othera ndi .esp, .nif kapena .dll. Lipoti limodzi musalikhulupirire kwambiri, chifukwa dzina limene latuluka mwina ndi la modi imene inangopezeka pafupi pamene ina inalakwitsa. Dzina lomwelo likatuluka m'malipoti atatu, muli ndi poyambira. Lipoti lina, la Papyrus, lonena za timalamulo (scripts) ta gemu ndi mamodi, limene ena amalimbikira kuwerenga, si lofufuzira kukrasha, ndipo limadzaza ndi machenjezo ngakhale gemu ili bwinobwino.

Lipoti likapanda kuthandiza, njira yotsala ndi yogawa pakati, ndipo ndi imene ndimaidalira kuposa zonse. Mlangizi wa zaulimi akamayesa mbewu pamunda wachitsanzo sasintha mbewu, feteleza ndi tsiku lodzala nthawi imodzi, chifukwa zokolola zikasintha sangadziwe chimene chachititsa. Inunso chitani chimodzimodzi. Muli ndi mamodi 200: zimitsani 100, yesani. Ikakrasha, wolakwa ali mwa amene atsala oyaka. Ikapanda kukrasha, ali mwa amene mwazimitsa. Tengani gulu lolakwalo muligawenso pakati. Kuchoka pa 200 kufika pa modi imodzi sikupitirira maulendo 8. Pozimitsa, samalani kuti modi ipite limodzi ndi timapachi take tonse (timafayilo toikonza kapena toiyanjanitsa ndi mamodi ena), apo ayi mudzapanga vuto latsopano n'kumaliyesa lakale lija. Nthawi zina mudzapeza kuti theka lililonse palokha likuyenda bwino koma mukawaphatikiza gemu ikukrasha. Pamenepo ndi mamodi awiri amene sakugwirizana, ndipo chofunika ndi pachi yowayanjanitsa kapena kusankha imodzi.

Ntchito imeneyi imapepuka ndi Mod Organizer 2, chifukwa siika mafayilo a mamodi m'foda ya gemu, ndipo mutha kupanga mndandanda wapadera woyeserera osakhudza umene mumasewerera. Vortex nayonso imagwira ntchito. Amene munazolowera kungothira mafayilo m'foda ya Data ndi manja, lekani. Tsiku lochotsa simudzakumbukira kuti fayilo iti inachokera kuti.

Poyesa zonsezi musagwiritse ntchito sevu yanu yakale. Apa ndiyenera kutsindika, chifukwa mpamene anthu amataya masewera a miyezi yambiri. Skyrim imasunga timalamulo ta mamodi mkati mwa sevu yeniyeniyo. Mukachotsa modi pakati pa masewera, timalamulo take timatsalira, n'kumafunafuna zinthu zomwe kulibe. Sevu yotereyi imatha kuyenda kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kukrasha, ndipo inu mumadzaloza chala modi yatsopano imene mwaika dzulo. Choncho yesani ndi gemu yatsopano. Kuti musaonere ulendo wa pangolo wa poyambirira nthawi iliyonse, pa menyu dinani batani lili pansi pa Esc, lembani coc riverwood, ndipo mupezeka muli m'mudzi wa Riverwood. Pulogalamu ya ReSaver imatha kuchotsa zina mwa zotsalirazo, koma si sevu iliyonse imene imachira. Muzisevanso ndi manja m'malo osiyanasiyana, osangodalira batani losevera mwachangu la F5, ndipo kumapeto kwa sabata muzikopera foda ya Saves pa flashi. Magetsi akathima gemu ili mkati molemba sevu, fayiloyo imatha kuwonongeka, ndipo amene amasewera pa desktop yopanda UPS ali pachiopsezo kuposa a laputopu.

Za dongosolo la kayakidwe ka mamodi sindichulukitsa. LOOT imawandandalika ndi kukuchenjezani za amene akusowa kanthu, ndipo machenjezo akewo muziwawerenga, osangodina n'kutseka. Modi imene ili m'munsi ndi imene imapambana pamene ziwiri zasintha chinthu chimodzi, ndipo SSEEdit imaonetsa poyera amene akupondana. Mapulagini akuluakulu, mafayilo othera ndi .esp kapena .esm, sapitirira 254, pamene ang'onoang'ono a mtundu wa ESL amafika 4096. SSE Engine Fixes ndi Unofficial Skyrim Special Edition Patch zimakonza zolakwika zambiri zimene zili mu gemu yeniyeniyo.

Zinthu zikakhazikika, chenjerani ndi Steam. Ikangosintha gemu kupita pa nambala yatsopano, SKSE ndi mamodi a .dll amaleka kugwira ntchito kufikira eni ake atawakonza. Osewera Fallout 4 zinawaonekera mu April 2024, pamene kusintha kwakukulu kwa gemuyo kunasokoneza F4SE, imene ili ngati SKSE ya gemuyo, ndi mamodi ambiri odalira iyo. Sankhani kuti gemu izisinthidwa pokhapokha mwaiyatsa kudzera mu Steam, ndipo inu muziiyatsa kudzera mu SKSE. Sungani fayilo ya SkyrimSE.exe pamalo ena. Mukamapatsa mnzanu mamodi pa flashi, ikanimo kafayilo kolemba nambala ya gemu yanu, ya SKSE, ndi dzina la modi iliyonse. Mukamapempha thandizo, tumizani lipoti la Crash Logger, mndandanda wa mamodi, kukula kwa RAM ndi dzina la khadi ya zithunzi, ndipo munenenso modi imene munachotsa komaliza.