Kampani ya kwale ikafuna phiri la kwanu: kaperekedwe ka maganizo

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati ntchito zikuluzikulu monga mgodi, damu kapena malo ophwanyira kwale zisayambe asanaunike mmene zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Kauniuniyu ndi ESIA, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndilo limavomereza lipoti lake. Akatswiri olemba lipotilo amalipidwa ndi kampani yomweyo, choncho musamayembekezere kuti adzakulankhulirani.

Mukangomva mphekesera, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) apite kukhonsolo ya boma lanu kwa mkulu woona zachilengedwe kukafunsa dzina la kampani, malo enieni ndi tsiku la msonkhano. Kenako kumanani panokha alendowo asanabwere. Amayi akhale ndi gulu lawolawo, chifukwa pamaso pa agulupu ambiri salankhula, chonsecho ndiwo adziwa chitsime chimene chimaphwa mu Okutobala ndi njira ya kunkhuni.

Dandaulo likhale ndi malo ndi muyeso. "Fumbi litivuta" n'zosavuta kuzinyalanyaza. Nenani kuti sukulu yakuti ili pamtunda wakuti kuchokera pophulitsira miyala, dimba la mbatata ya kachewere lili kumunsi kwa phiri, manda ali apa. Funsani nthawi yophulitsira, kangati patsiku adzathira madzi mumsewu, ndiponso ndani adzakwirira maenje ntchito ikatha. Jambulani makoma a nyumba zoyandikira lero lomwe. Ming'alu ikadzabwera, kampani idzati inalipo kale.

Pamsonkhano pamachitika cholakwika chimodzi chachikulu: anthu amasaina pepala la obwera, n'kulandira kandalama ka thiransipoti, osamva zimene zalembedwa. Mawa pepala lomwelo limaoneka ngati umboni wakuti mudzi udavomera. Mlembi wanu alembe zake, ndipo zolemba za akatswiriwo ziwerengedwe mokweza m'Chichewa musanasaine.

Lonjezo la pakamwa la mjigo kapena mlatho silimanga munthu. Limene mungalitsate ndi lolowa mu ESMP, gawo la lipoti lonena chochita, wochita, nthawi ndi ndalama zake. Pemphani kope la lipotilo, poti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Kampani ikaphwanya zomwe idalonjeza, lembani kalata kudzera ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) kupita kwa bwanamkubwa ndi ku MEPA, yokhala ndi masiku ndi zithunzi. Sungani kope lodindidwa chidindo cha ofesi yomwe yalandira.