Makina osakaniza makadi: kagwiritsidwe kake pa masewera a pakhomo

Makina osakaniza makadi a pakhomo ali ndi tizipinda tiwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo pansi pa kachipinda kalikonse pali kawilo ka labala. Mukadina batani, timawiloti timakoka khadi lapansi mbali zonse ziwiri n'kuliponyera m'kabokosi kapakati. Ambiri otenga mapaketi awiri amayendera mabatire anayi a AA, pamene otenga mapaketi 6 kawirikawiri amafuna mabatire anayi a C. Aliponso otchaja pa USB ndi opukusa ndi dzanja. Opukusawa sachita phokoso kwambiri, ndipo pa paketi imodzi ndi okwanira.

Musanagule, yezani makadi anu. Khadi la masewera a poker ndi lotambalala mamilimita 63.5, la masewera a bridge mamilimita 57, ndipo onse ndi otalika pafupifupi mamilimita 89. Makina ambiri amalandira mitundu iwiriyi, ngakhalenso makadi a Uno. Koma makadi ovekedwa timapepala tapulasitiki towateteza amakhala okhuthala, m'mphepete mwake mumakola, ndiye amatsamwitsa makina kapena kung'ambika. Amenewo asakanizeni ndi manja basi.

Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kudutsitsa makadi kamodzi n'kuyamba kugawa. Ulendo umodzi makinawo amangolowetsa theka lina m'theka linzake, koma ndondomeko ya makadi m'theka lililonse imakhala momwe inalili. Khadi limene linali pamwamba pa linzake kumanzere limatulukabe lili pamwamba pake. Ndiponso popeza makina amayambira pansi, makadi apamwamba amagwa pomaliza n'kukhalanso pamwamba. Mu 1992 akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anasonyeza kuti paketi ya makadi 52 imafuna kusakaniza kwa mtundu umenewu pafupifupi maulendo 7 kuti isakanizike bwino. Pa masewera amene makadi ofanana amasonkhana pamodzi, monga rummy, ulendo umodzi kapena awiri umabweza magulu omwewo kwa osewera, ndipo munthu watcheru amadziwiratu chikubwera.

Ndiye chitani chonchi. Gogodani paketi pa tebulo kuti m'mphepete mufanane. Igaweni pawiri mongoyerekeza, osachita kuwerenga 26 ndi 26, chifukwa kusiyana pang'ono kwa miluyo kumathandiza kusokoneza ndondomeko. Ikani makadi chafufumimba m'tizipinda, dinani batani mpaka khadi lomaliza litagwa. Mukatulutsa, dulani paketi kuti apamwamba apite pakati kapena pansi, kenako bwerezani. Kudulako musakudumphe. Ulendo uliwonse umatenga masekondi ochepa chabe, choncho maulendo 7 si ntchito yotopetsa. Ngati mukufuna masewera asamaime, khalani ndi mapaketi awiri osiyana mtundu kumsana, ina ikuseweredwa ina ikusakanizidwa.

Makina akayamba kuvuta, yambani mwaona makadi. Khadi lopindika kapena lothyoka pakona limalowa mopingasa n'kutsekereza anzake. Likatero siyani batani msanga ndipo mulikoke pang'onopang'ono kubwerera kumene lachokera, chifukwa kulikankhira kutsogolo kumaling'amba. Makadi a pepala amamwa thukuta ndi mafuta a zokazinga za patebulo, n'kuyamba kumatana, moti amatuluka atatuatatu kapena anayianayi. Makadi a pulasitiki yeniyeni, monga a Copag ndi KEM, amatsukika ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, bola muwaumitse bwinobwino. A pepala akafika pomatana, gulani ena.

Ngati kawilo kakuzungulira koma khadi silikuyenda, labala waterera ndi fumbi komanso phula la pamakadi. Chotsani mabatire, nyowetsani kathonje ndi sipiriti pang'ono, pukutani kawiloko mukukazunguliza ndi chala, ndipo kaume musanaike makadi. Mafuta musathirepo ngakhale dontho. Makina akamalira mofooka ndipo mbali imodzi ikutha msanga kuposa inzake, sinthani mabatire onse nthawi imodzi, osaphatikiza akale ndi atsopano. Akakhala osagwira ntchito milungu ingapo, mabatirewo achotseni, chifukwa amachucha n'kudya tizitsulo ta mkati. Kudzaza makadi kupitirira mulingo wolembedwa pa bokosi kumalemetsa mulu, ndipo khadi lapansi limalephera kusuntha.

Makina ogawa makadi ndi ena apadera, ngakhale alipo ochita ntchito zonse ziwiri. Amaikidwa pakati pa tebulo, mumasankha chiwerengero cha osewera ndi makadi a munthu aliyense, kenako amatembenuka n'kumaponya khadi kwa uyu ndi uyo. Pa tebulo la galasi makadi amatsetsereka mpaka kugwa pansi kapena kutembenuzika, choncho yalani nsalu yokhuthala yopanda makwinya. Makadi omatana amachititsa kuti wina alandire awiri m'malo mwa limodzi, n'chifukwa chake aliyense awerenge makadi ake akadali chafufumimba asanawayang'ane. Kwa anthu anayi kugawa ndi manja n'kofulumira kale. Makina ogawa amapindulitsa pamene osewera ndi ambiri, kapena pamene pali wachikulire amene zala zake zimapweteka ndi nyamakazi.