Kamba Watsopano Sakudya? Chitani Izi

Kamba mwangomubweretsa kumene, sakudya, ndipo akutsegula m'mimba.

1. Yambani ndi kutentha. Kamba akazizidwa, chakudya sichigayika. Pamalo owothera pazifika madigiri 32 mpaka 35, pakhalenso mbali yozizirako pothawira. Aziona dzuwa kapena nyale ya UVB (nyale yapadera yotulutsa cheza chonga cha dzuwa).
2. Musamugwiregwire, malo achilendo amamuopsa.
3. Tsiku lililonse muviikeni m'madzi ofunda pang'ono, olekeza m'chibwano, kwa mphindi 15 mpaka 20. Amamwa momwemo, kawirikawiri n'kuchitanso chimbudzi.
4. Mupatseni masamba obiriwira. Zipatso muyambe mwasiya, zimatsegula m'mimba. Mchenga muuchotse pamalo pomwe akukhala: akaumeza umatseka matumbo.
5. Sabata ikatha asanadye, kapena akutuluka mamina, maso atalowa m'kati, musazengereze chonde. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto mutatenga ndowe yatsopano kuti akayeze njoka zam'mimba.