Kalembedwe ka kaundula wa anthu ndi nyumba m'mudzi mwanu: muziwerenga mapoto, osati zitseko

Tsiku lomwe madzi alowa m'mudzi kapena chimphepo chasasula madenga, a kukhonsolo akafika funso lawo limakhala lomwe lija, mabanja angati akhudzidwa, ana angati, okalamba angati, nyumba zagwa zingati, ndiye mumangoona a mfumu akuyang'ana mlembi, mlembi akuyang'ana a zaumoyo, mapeto ake wina amangotchula nambala ya m'mutu basi. Anzathu a ku Dwangwa anaziona zimenezi madzi atasefukira kumayambiriro kwa 2024. Ine ndakhala ndikugwira kope la VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kwathu kuno ku Salima kwa zaka zingapo, nde ndati ndikuuzeniko mmene timalembera kaundula wathuwathu wa m'mudzi, wosadikira kuti abwere a boma.

Boma limawerenga anthu ndithu, kudzera ku NSO, ofesi ya kalembera ya ku Zomba, koma kamodzi pa zaka pafupifupi 10. Kalembera anachitika 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Wa 2018 uja, amene anyamata ndi atsikana ankayenda ndi matabuleti, anapeza kuti m'dziko muno tinalimo anthu 17,563,749, boma la Salima 478,346 ndipo Nkhotakota 393,077. Koma kalembera yemweyo anapeza kuti chiwerengero chathu chinkakwera ndi pafupifupi 2.9 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, nde taganizani, mwana amene anabadwa nthawi ya kalembera uja pano ali ku pulayimale, ndipo nambala za boma lonse sizingakuuzeni kuti kuseri kwa mzikiti kuli agogo akugona m'nyumba yothonya.

Musanagule olo bolopeni, yambani kwa a mfumu. Musakalowe pakhomo pa munthu ndi kope a nyakwawa asakudziwa, mudzabwezedwa ndipo nkhani idzafika kwa a gulupu isanakwane 12 koloko. Apempheni aitanitse msonkhano, ndipo pamsonkhanopo mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale oti kulemba kumeneku si kwa makuponi, si kwa Mtukula Pakhomo, si kwa chimanga, palibe cholandira. Munene kawiri katatu. Ife ulendo woyamba sitinanenetse, anthu anangomva kuti kukubwera zolemba maina, nde banja limodzi linkasanduka mabanja atatu, mnyamata wa kugowelo akuti ndine mutu wa banja, agogo oti amadya kwa mwana wawo akuti ndimakhala ndekhandekha, tinachita kung'amba mapepala onse n'kuyambiranso.

Zofunika si zambiri. Kope lalikulu lachikuto cholimba, rula, pensulo ziwiri, choko kapena khala lolembera nambala pachitseko, ndi jumbo yokulungira kope chifukwa mvula ya kunyanja sichenjeza. Lembani ndi pensulo kaye, bolopeni ibwera pambuyo mukatsimikiza. Yendani awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, chifukwa pali zinthu zomwe mayi sanganene kwa bambo wachilendo, za pathupi mwachitsanzo, ndipo m'makomo ambiri a Chisilamu si ulemu kuti mwamuna akhale pakhonde ndi mkazi wa mwini bambo kulibe. Mukhalenso ndi mmodzi womva Chiyao ngati mudzi wanu uli mbali za Maganga, Chipoka ndi kwina kunyanja, agogo ena Chichewa amachimva bwinobwino koma zaka zawo amazikumbukira m'Chiyao. Lachisanu masana musayende, tsiku la msika musayende, nthawi yopalira kapena yokolola mpunga mudzangopeza ana ndi nkhuku.

Jambulani mapu kaye, olo akhale oipa. Msewu, mjigo, tchalitchi, mzikiti, manda, mtengo wa malambe, dambo. Gwirizanani pomwe mudzi wanu wathera, chifukwa nyumba za m'malire ndi zimene zimalembedwa kawiri kapena kusiyidwa ndi midzi yonse iwiri. Kenako yambani mbali imodzi muzipita mozungulira, nambala pachitseko nambala yomweyo m'kope, osadumpha kuti uku ndi kwa achimwene ndikudziwa kale.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse. Banja pa kaundula si chitseko, si dzina la bambo, ndi anthu amene amadyera m'poto umodzi. Funso lanu lisakhale loti muno mumakhala angati, funsani kuti nsima ikaphikidwa pano amadya ndani, ufa umachokera thumba la ndani. Pakhomo limodzi mutha kupeza nyumba zinayi, yaikulu ya bambo ndi mayi, gowelo la anyamata, kanyumba ka agogo, ina ya atsikana, koma onse akudya kuchokera m'khitchini imodzi, limenelo ndi banja limodzi la nyumba zinayi. Ndiyeno ku Kamuzu Road kapena ku Senga Bay mupeza mdadada umodzi wa lendi wa zitseko zisanu, aliyense ndi mbaula yake, amenewo ndi mabanja asanu m'nyumba imodzi. Nchifukwa chake m'kope mukhale mizere iwiri yosiyana, nambala ya banja ndi nambala ya nyumba.

Kwathu kuno kwa chikamwini zimavutako pang'ono chifukwa ana aakazi amamanga mozungulira mayi awo, ndipo madzulo amatha kutengera mbale pamodzi n'kudyera pabwalo limodzi. Musapusitsike ndi kudyera limodziko, funsani kuti aliyense ali ndi nkhokwe yake kapena thumba lake la ufa, amaphika payekha? Akati eya, ndi mabanja osiyana. Za mitala ndiye samalani zedi. Bambo wa akazi awiri alembedwe kamodzi kokha, ife timamulemba komwe anagona usiku wathawu, kwinako mutu wa banja timalemba mayi n'kuika kachizindikiro pambali kuti bambo alembedwa pa nambala yakuti. Musafunse kuti kodi bambo amakonda kugona kuti, mudzayatsa moto woti simungauzimitse.

Nanga asodzi? Apa mpomwe midzi ya kunyanja imasiyanirana ndi ya kumtunda ngati kwa Khombedza kapena kwa Mwansambo. Pali amuna a m'mudzi mwanu amene ali ku Mbenji kapena kumadoko ena miyezi ingapo, ndipo pali alendo ochokera ku Nkhata Bay, ku Karonga, ku Mangochi amene amanga zisakasa padoko panu kutsatira usipa. Chimodzimodzi odula nzimbe ku Dwangwa, amabwera nyengo yake n'kumapita. Nde pa munthu aliyense muike chilembo chimodzi mwa zitatu: wokhazikika ndipo alipo, wokhazikika koma wachokapo, kapena mlendo. Wa ku Joni amene watha zaka ziwiri osabwera musamuwerengere m'poto, mulembeni patsamba lakumapeto la omwe ali kunja, olo mayi ake akakamire bwanji kuti abwera Khirisimasi ino. Mwana wa ku sekondale yogonera konko ndi wokhazikika wochokapo. Zisakasa za padoko zilembeni pa tsamba lawolawo ndi mwezi womwe mwalemba, chifukwa kolera ikabuka anthu amenewo amafunikanso kudziwika, koma mukawasakaniza ndi eni mudzi nambala yanu izisintha mwezi ndi mwezi.

Pa munthu aliyense lembani dzina, mwamuna kapena mkazi, zaka, ubale wake ndi mutu wa banja, ngati ali pasukulu kalasi yanji, ngati ali ndi ulumali, ndipo kwa ana ngati makolo onse ali moyo. Musanatseke tsamba funsani dala kuti palibe khanda, palibe mdzukulu, palibe wantchito wogona pompano? Makanda amaiwalika kwambiri, anthu ena mwana wosatuluka m'chikuta samamuwerenga ngati munthu woti n'kulembedwa.

Zaka musalote poyang'ana nkhope, dzuwa la ku Salima limakalambitsa msanga. Akulu ambiri ali ndi chiphaso cha unzika chija tinayamba kulembetsa mu 2017, tsiku lobadwa lili pompo, ana ali ndi kabuku ka kusikelo. Agogo opanda pepala afunseni ndi zochitika, anganga, njala ya 1949 munali mutabadwa, nanga pomwe tinkalandira ufulu mu 1964 munali mutatha msinkhu, referendamu ya 1993 mwana wanu woyamba anali wamkulu bwanji. Mukangosiya anthu azitchula okha mudzapeza mudzi wonse uli ndi zaka 30, 40, 50 ndi 60, palibe wa 47.

Za nyumba, anthu ambiri amalakwitsa polemba mawu amodzi, yabwino kapena yoipa, ndipo mawu amenewo amangoyambanitsa. Inu gawani patatu, khoma, denga, pansi. Khoma ndi la njerwa zootcha, la zidina, la mdindo, la mitengo yomata dothi, la mabuloko a simenti kapena la bango ndi udzu. Denga ndi la malata kapena la udzu, ndipo ngati pansi pa udzu anayala pulasitiki ndi la udzu basi. Pansi ndi pa simenti kapena pozira. Khoma lopaka pulasitala kapena laimu limanamiza, zungulirani kuseri muone pomwe pagumuka kapena funsani mwini wake, zidina zambiri zabisala mkati mwa nyumba zooneka zamakono. A NSO amaika nyumba m'magulu atatu potengera zomwezi, yokhalitsa ndi ya njerwa zootcha kapena simenti yofolera malata, yachikale ndi ya dothi yofolera udzu, ndipo yapakatikati ndi imene yasakaniza, monga zidina ndi malata, kapena njerwa zootcha koma denga la udzu. Mukalemba patatu paja magulu amenewa amatuluka okha, ndipo mwini wake sakhumudwa chifukwa simunamuuze kuti nyumba yake ndi yotani.

Onjezani zipinda zogona zingati, osawerengera pabalaza pokhapokha ngati ana amayala mphasa pompo usiku, ndipo ngati nyumbayo ndi yawo, ya lendi kapena yongowasungitsa. Kenako za pabwalo, chimbudzi chilipo, chili ndi denga ndi chovindikira, ndi chawo okha kapena amagawana ndi oyandikana nawo. Ichi pitani mukachione ndi maso, pemphani mwaulemu kuti mayi tingaoneko kuseri, chifukwa kumchenga kuno zimbudzi zimagwa dzinja lililonse ndipo munthu amayankha za chimbudzi chomwe chinalipo chaka chatha. Bafa, thandala, dzenje la zinyalala, mpondagiya, izi a zaumoyo amalemba kale nde mutha kungofananitsa ndi kope lawo. Madzi akumwa amatunga pamjigo, pampope, pachitsime kapena kunyanja. Amaunikira tochi, sola kapena magetsi a ESCOM, amaphikira nkhuni kapena makala. Za mbuzi, njinga, mabwato ndi maukonde ine ndimati zisiyeni, mukangofunsa katundu anthu amaganiza za msonkho kapena zoti muwachotsa pa thandizo, ndipo mayankho ena onse amayamba kupotoka.

Mukamaliza khalani pansi muwonkhetse, kenako dziyeseni nokha ndi nambala za dziko. Kalembera wa 2018 anapeza kuti banja limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 4.4, akazi ndi ochulukirapo pang'ono kuposa amuna, ndipo pafupifupi theka la anthu onse ndi ana osakwana zaka 18. Tiyerekeze mwapeza anthu 540 m'mabanja 120, mukagawa zikupatsani 4.5, zili bho. Koma zikatuluka 2.5 dziwani kuti mapoto agawidwa, bwererani. Ana akakhala ochepa kwambiri, makanda ndi adzukulu asiyidwa. Amuna akachepa modabwitsa onani omwe munawaika chilembo cha ochokapo musanadandaule, mwina ali panyanja.

Maina asamatidwe pamtengo kapena kujambulidwa n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp, za ulumali ndi umasiye ndi zinsinsi za eni ake. Pamsonkhano muwerenge ziwerengero zokha, ndipo wa bungwe akabwera kufuna nambala mupatseni tsamba la zowonkhetsa, kope lenilenilo lisachoke m'manja mwa komiti, lathu loyamba linapita ndi mlendo wina amene anati akakopera n'kubweza mawa, mpaka lero. Nde kopererani kawiri, lina kwa a mfumu lina kwa mlembi. Siyani mizere iwiri yopanda kanthu pansi pa banja lililonse yolembapo obadwa ndi obwera, omwalira mudule ndi mzere umodzi wopyapyala kuti dzina lizionekabe, ndipo muziyendanso chaka chilichonse cha mu Okutobala, anthu atamaliza kuotcha njerwa ndi kufolera, mvula yoyamba isanagwe.