Kupeka nyimbo yochoka pa kiyi n'kubwereranso

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungapekere kwaya yanu ya ku Mangochi nyimbo yoyamba pa kiyi, pakati n'kukhala yopanda kiyi, kenako n'kubwerera. Mukhale ndi kiyibodi, pepala ndi pensulo.

1. Lembani manoti onse 12 (oyera ndi akuda a pa kiyibodi, kuyambira C kufika B) pamzere umodzi, osabwereza lililonse. Njirayi anaikhazikitsa wopeka nyimbo wa ku Austria, Arnold Schoenberg, m'zaka za m'ma 1920.

2. Sanjani mzerewo kuti manoti atatu oyandikana azipanga makodi (manoti olira pamodzi) omwe khutu linazolowera. Alban Berg, wophunzira wa Schoenberg, anatero mu 1935 m'nyimbo yake ya Violin Concerto: G, B♭, D, F♯, A, C, E, G♯, B, C♯, D♯, F. Dinani pang'onopang'ono mumve: G, B♭, D ndi G minor, D, F♯, A ndi D major, A, C, E ndi A minor. Ine sitepe imeneyi ndi imene ndimaikonda, pakuti mzere ulibe kiyi koma womvera sasochera.

3. Yambani pa G minor, mizere iwiri yokha ya nyimboyo.

4. Pakati, asoprano aimbe mzere wonse wa manoti 12 uja, atenala auimbe kuyambira kumapeto.

5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amachotsa mawu onse pa kiyi nthawi imodzi. Oimba ozolowera sol-fa akataya doh, nyimbo imagwa pomwepo. Abesi agwire G yaitali pansi, osasuntha, kuti enawo akhale ndi potsamira.

6. Bwererani kudzera pa D major, mutsekere pa G minor.