Kumanga Minofu Pamene Mukuchepetsa Mafuta a M'thupi

Anthu ambiri amene ayamba kunyamula zitsulo amafuna kuti mafuta a pamimba achoke komanso kuti minofu ikule, ndipo kawirikawiri amauzidwa kuti ziwirizi sizingayendere limodzi. Zimatheka ndithu, malinga ngati chakudya chachepetsedwa pang'ono chabe, zakudya zomanga thupi zikudyedwa mokwanira, ndipo zitsulo zonyamulazo zikukhalabe zolemera.

Munthu akamadya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) ochepa kuposa amene thupi lake likugwiritsa ntchito, thupilo limakatapa mphamvu yoperewerayo m'nkhokwe zake, ndipo nkhokwezo si mafuta okha, popeza minofu nayonso imatha kuphwanyidwa. Mnofu umene ukugwira ntchito yolemetsa sabata ndi sabata ndi umene thupi limausunga ndi kuukonza. Mu 2016, ofufuza a pa McMaster University ku Canada anachepetsa chakudya cha anyamata onenepa ndi 40 peresenti kwa masabata 4, uku akuwachititsa masewera olimbitsa thupi masiku 6 pa sabata. Amene ankadya magalamu 2.4 a mapuloteni (zomanga thupi) pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo pa tsiku anataya makilogalamu 4.8 a mafuta ndipo mbali ya thupi yopanda mafuta inawonjezeka ndi makilogalamu 1.2, pamene anzawo odya theka la mapuloteniwo anataya makilogalamu 3.5 a mafuta koma minofu yawo inangokhala mmene inalili.

Komabe musatengere kachepetsedwe koopsa chonchi, pakuti anyamatawo ankayang'aniridwa ndi akatswiri ndipo zinali za mwezi umodzi wokha. Kwa munthu amene akudziyang'anira yekha, kuchotsa makalori 300 mpaka 500 pa tsiku n'kokwanira. Kafukufuku wa mu 2011 wa pakati pa akatswiri a masewera ku Norway anaonetsa kuti amene ankatsika ndi pafupifupi 0.7 peresenti ya kulemera kwawo pa sabata anawonjezera minofu, pomwe amene anauzidwa kutsika mofulumira sanawonjezere. Kwa munthu wa makilogalamu 80, apa tikunena za theka la kilogalamu kapena kupitirirako pang'ono pa sabata. Ine ndimaona kuti kuthamangira n'kumene kumawononga khama la anthu ambiri, chifukwa munthu wanjala amafika pa chitsulo alibe mphamvu, ndiye amayamba kuchipeputsa.

Pochepetsa chakudya, yambani ndi mafuta ophikira, zakumwa zotsekemera ndi mowa, pokumbukira kuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pamene ya mapuloteni ili ndi 4. Mapuloteni musawachepetse. Idyani magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu tsiku lililonse, kutanthauza magalamu 128 mpaka 176 kwa munthu wa makilogalamu 80 uja. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 okha, choncho muyenera kuphatikiza nyama yopanda mafuta, nsomba, mkaka, nyemba kapena soya, n'kuzigawa pa zakudya zitatu kapena zinayi. Zakudya zopatsa mphamvu musazisiyiretu, ndipo ndi bwino kuzidya nthawi yochita masewera ikayandikira.

Pa masewera enieniwo, gulu lililonse la minofu ligwire ntchito kawiri pa sabata, makamaka ndi masewera ogwiritsa ntchito minofu yambiri pakamodzi, monga kunyonyomala mutasenza chitsulo, kudzutsa chitsulo kuchokera pansi, kukankha ndi kukoka. Sankhani chitsulo chimene mungachinyamule maulendo 6 mpaka 12. Chizindikiro chakuti kulemera kwakwana n'chakuti pa maulendo awiri omaliza chitsulo chimakwera pang'onopang'ono, mikono ikunjenjemera, koma msana uli wowongoka ndipo simukuchiponya ndi chiuno. Lembani m'kabuku kulemera ndi maulendo a tsiku lililonse, ndipo mukakwanitsa maulendo 12 mosavutikira, onjezani kulemerako pang'ono. Ambiri akayamba kuchepetsa thupi amasiya zolemera n'kumangothamanga, ndipo pamenepo m'pamene minofu imatha pamodzi ndi mafuta.

Tulo nato tisanyozedwe. Pa kafukufuku wa ku University of Chicago wa mu 2010, anthu ochepetsa chakudya amene ankapatsidwa maola 5.5 ogona anataya mafuta ochepa ndi minofu yambiri poyerekeza ndi nthawi imene ankapatsidwa maola 8.5. Gonani maola osachepera 7.

Sikelo yokha singakuuzeni zonse, chifukwa mafuta akamachoka minofu ikubwera, nambala imatha kuima malo amodzi. Kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, zungulizani tepi m'mimba molunjika mchombo, ndipo ngati masentimita akutsika pamene kabuku kakuonetsa kuti mphamvu zikukwera, musasinthe kalikonse. Mphamvu zikatsika kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana, onjezani chakudya.

Njirayi imapindulira kwambiri ongoyamba kumene, amene anasiya n'kuyambiranso, ndi amene ali ndi mafuta ambiri. Munthu wowonda kale amene wanyamula zitsulo kwa zaka zambiri akhutire ndi kusunga minofu imene ali nayo pa nthawi yochepetsayo. Odwala impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe aonana ndi dokotala, ndipo amayi oyembekezera komanso ana amene akukula asachepetse chakudya mwa njira imeneyi.